Mawailesi akufa a ku Kasungu angamvenso kutali

Akonzi,

Tiloleni malo m'nyuzipepala yanu tilankhule ndi magulu awiri a anthu kuno ku Kasungu: amisiri okonza mawailesi ndi ma TV pa boma, ku Santhe, ku Chamama ndi ku Nkhamenya, komanso aphunzitsi a Physics m'sukulu za sekondale. Amisiri ali ndi milu ya mawailesi akufa pansi pa benchi, eni ake anawasiya kalekale poti foni yatenga malo. Aphunzitsi ali ndi ana amene amaloweza za dayodi ndi tiranzisita pa bolodi koma sanazigwirepo m'manja. M'milu imeneyo muli pafupifupi chilichonse chofunika popanga wailesi yomvera anthu aja amalankhulana okhaokha pa mafunde afupi, kudutsa malire a mayiko, popanda netiweki ya foni kapena intaneti.

Ndipo ife a kuno tili ndi mwayi umene anzathu a m'mizinda ikuluikulu akuulira. Mdani wamkulu wa wailesi yotere ndi phokoso lochokera ku zipangizo zamagetsi: matchaja a foni, mababu a LED, mainiveta. Mudzi wa kwa Chulu kapena kwa Wimbe, kumene waya wa magetsi sunafike, ndi malo abata kwambiri ku khutu la wailesi. Kawailesi ka matiranzisita atatu kumeneko kangamve zimene chipangizo chodula sichingamve m'kati mwa tauni. N'chifukwa chake tikunenetsa kuti luso la ntchitoyi silili pa kukweza mawu ayi, koma pa kuchotsa zosafunika ndi kukhazikitsa wailesi kuti isamasunthe pamene mwaiika.

Mu Africa anthu olankhulana pa mafunde afupi aja ali ndi gawo lawo kuyambira 7.000 mpaka 7.200 MHz, limene limatchedwa 40 mita. Cha kumunsi, mpaka 7.040, kumamveka a Morse, otumiza mauthenga ndi mluzu wodukizadukiza. Pa 7.074 pamamveka malikhweru a makompyuta, ndipo cha kumtunda ndiye kuli olankhula pakamwa. Wailesi wamba ya SW imafika pamalopo, koma mumangomva mawu a m'mphuno osadziwika mutu wake. Chifukwa chake n'chakuti iwo amatumiza mawu m'njira ya SSB: amachotsa funde lonyamula mawu n'kutumiza mbali imodzi yokha, kuti mphamvu yochepa ifike kutali. Womvera ayenera kupanga yekha funde lomwe linachotsedwalo. Ndiye wailesi yathu ili ndi zigawo zinayi basi: sefa ya mafunde ochokera ku eriyo, oscillator yopanga funde losowalo, mixer yosakaniza ziwirizi kuti patuluke mawu, ndi amplifaya yokweza mawuwo.

Yambani ndi pomangira. Dulani chitini cha mkaka wa ufa kapena cha mafuta ophikira, muchiwongole chikhale chafulati, masentimita 10 ndi 15, mupale penti yense, n'kuchikhomera pa thabwa. Chitini chotere chimagwira mtovu bwino lomwe. Cha zakumwa zoziziritsa kukhosi n'cha aluminiyamu, sichigwira, musavutike nacho. Chitini chonsecho ndicho negetivu. Mwendo uliwonse wopita ku negetivu muuwotcherere pomwepo pa chitini, ndipo miyendo ina muilumikize m'mwamba, kapena pa tizidutswa ta bolodi yakale tomata ndi guluu. Miyendo isatalike kuposa sentimita imodzi. Pa 7 MHz waya wautali umasanduka koyilo, ndipo mawaya awiri oyandikana amasanduka kapasita imene simunaifune.

Pophwasula zakale, dziwani zimene mukufuna. Matiranzisita a C945 ali paliponse. BC547 ndi 2N3904 amagwiranso ntchito yomweyo, koma miyendo yake siyofanana, ndipo apa ndi pomwe ambiri amagwa. Mukayang'ana mbali yafulati miyendo ili pansi, kuchokera kumanzere C945 ndi emitter, collector, base. BC547 ndi collector, base, emitter. 2N3904 ndi emitter, base, collector. Makapasita aang'ono amalembedwa manambala atatu: 101 ndi 100 pF, 471 ndi 470 pF, 103 ndi 10 nF, 473 ndi 47 nF, 104 ndi 100 nF. Waya wopaka vanishi wa 0.5 mm mumaupeza m'thiransifoma yakufa. Mu kawailesi ka m'thumba chotsani kapasita yosakira masiteshoni, ija ya pulasitiki yamakona anayi, ndipo musataye chingwe ndi gudumu lake, zidzafunika. TV yakale ya chubu muisamale: kapasita yaikulu ya ku magetsi ndi chubu chenichenicho zimasunga moto ngakhale TV itakhala yozima, choncho mwana asatsegule yekha popanda mmisiri pafupi.

Mtima wa wailesiyi ndi oscillator, ndipo tikupempha kuti muthere nthawi yanu yambiri pamenepa. Ife timalimbikitsa kuti iziyenda pa theka la malo ofunikawo, kuyambira 3.5 mpaka 3.6 MHz, chifukwa chake tichifotokoza tikafika pa mixer. Tengani paipi ya PVC ya 20 mm, ija amadutsitsamo mawaya a magetsi m'nyumba, muboole timabowo tiwiri, muzungulize waya ka 20 mothinana ndi mokoka. Koyilo imeneyi imakhala pafupifupi 8 µH, ndipo imafuna makapasita okwana cha m'ma 250 pF kuti ifike pa 3.55 MHz. Mbali imodzi ya koyilo ipite pa chitini. Pa mbali inayo, kupita pa chitini, ikani kapasita ya 150 pF, trimmer (kapasita yaing'ono yosintha ndi sikuluwu) ya 30 pF, ndi gawo la FM la kapasita yosakira ija, limene limakhala cha m'ma 20 pF. Musagwiritse gawo la AM, n'lalikulu kwambiri: mungadumphe gawo lonse la 40 mita musanazindikire kuti mwalidutsa. Kuchokera pamwamba pa koyilo, kapasita ya 100 pF ipite ku base ya tiranzisita. Pakati pa base ndi emitter ikani 470 pF, pakati pa emitter ndi chitini 470 pF inanso pamodzi ndi rezisita ya 1k. Base ilandire rezisita ya 10k kuchokera ku pozitivu ndi ina ya 10k kupita pa chitini. Collector ipite ku pozitivu, ndipo pomwepo pakhale 100 nF yopita pa chitini.

Pozitivu imeneyi isachokere ku batire mwachindunji. Idzere pa 78L05 kapena 7805 kuti ikhale mavoti 5 osasintha. Mukapanda kutero, mawu akakwera batire limatsika pang'ono, oscillator imasuntha, ndipo wolankhula amamveka ngati akunjenjemera. Ziwirizi nazonso zimasiyana miyendo: 7805 mukaiyang'ana kumaso ndi kolowera, negetivu, kotulukira, pamene 78L05 ndi kotulukira, negetivu, kolowera. Zonse zikakhala bwino, mita imawerenga pafupifupi mavoti 1.9 pa emitter.

Vuto limene limagwetsa ulesi anthu ambiri ndi kusuntha. Mwapeza munthu akulankhula bwinobwino, pakangopita mphindi imodzi mawu akwera kapena atsika mpaka osamvekanso. Gwero lake ndi kutentha. Makapasita ambiri a dothi, aja abulauni ooneka ngati mphodza, amasintha kwambiri kukatentha pang'ono pokha. Mungowauzira mpweya wa m'kamwa, siteshoni yathawa. Mu oscillator gwiritsani okhawo olembedwa NP0 kapena C0G, amene nthawi zambiri amakhala ndi kachizindikiro kakuda pamutu, kapena a polystyrene, aja oonekera m'kati okhala ndi kachitsulo kasiliva. A polystyrene amasungunuka msanga, choncho gwirani mwendo wake ndi pulayazi powotcherera. M'malo mwa kapasita imodzi ya 150 pF ndi bwino kuika atatu a 47 pF pamodzi, kuti moto wodutsamo ugawanike ndipo iliyonse isatenthe. Zotsalazo trimmer ikwaniritsa. Koyilo ya oscillator isakhale ndi ferrite, kachitsulo kakuda kaja ka m'makoyilo, m'kati, chifukwa ferrite ndiye amamva kutentha koposa. Waya wa koyilo mumange ndi mizere itatu yopyapyala ya kyutekisi kuti usasunthe, ndipo paipiyo muimate zolimba. Mukatha kuwotcherera dikirani ola lathunthu musanayese, apo ayi mudzakhala mukuyesa kuzizira kwa mtovu. Ndipo nthawi zonse yatsani wailesi mphindi 15 musanayambe kumvera. M'nyumba ya malata mu Okutobala, kutentha kumatsika msanga dzuwa likalowa, nthawi yomwenso mafunde amayamba kubwera, ndiye oscillator yonse muivundikire ndi kachitini kake kowotcherera pa chitini chachikulu. Kachitini kameneka kamathetsanso vuto lina, lija loti mukayandikiza dzanja siteshoni imasuntha, mukalichotsa imabwerera.

Oscillator isalumikizidwe ku mixer mwachindunji, pakhale tiranzisita yachiwiri yoitchinga. Kuchokera ku emitter ya yoyamba, kapasita ya 47 pF ipite ku base ya yachiwiri. Base imeneyo ikhale ndi 47k kupita ku pozitivu ndi 47k kupita pa chitini, collector ku pozitivu, ndipo pa emitter pakhale rezisita yosinthika ya 470 ohm kapena 1k yopita pa chitini. Mwendo wapakati wa rezisita yosinthikayo ndiwo utenge funde kupita ku mixer kudzera pa 330 pF.

Mixer yake ndi yosavuta mpaka munthu kukayika: madayodi awiri a 1N4148 omangidwa pamodzi moyang'ana kosiyana, mutu wa ina ku mchira wa inzake. Njira imeneyi anaitchukitsa Vladimir Polyakov wa ku Russia. Funde la oscillator likakwera, dayodi imodzi imatseguka. Likatsika, inzake imatseguka. Ndiye pa funde limodzi chitseko chimatseguka kawiri, ndipo oscillator ya 3.55 MHz imagwira ntchito ngati ya 7.1 MHz. Phindu lake n'lakuti oscillator yotsika n'njosavuta kuikhazika, ndiponso funde lake silidutsa pa sefa ya 7 MHz kukatulukira ku eriyo. Koma dziwaninso kuti ikasuntha ndi 100 Hz, m'khutu mumva 200 Hz. Madayodiwo akhale ofanana: yezani khumi ndi mita pa malo oyezera dayodi, musankhe awiri amene manambala ake akusiyana ndi 2 kapena 3 basi. Mbali imodzi ya madayodi ipite ku sefa ya eriyo. Mbali inayo ndi pomwe pafikira 330 pF ija, ndipo kuchokera pomwepo koyilo yaing'ono ya 1 mH, kapena rezisita ya 470 ohm ngati koyilo palibe, ipite ku kapasita ya 47 nF yotsikira pa chitini. Pamenepo ndiye pali mawu, ofooka kwambiri, oyembekezera amplifaya.

Rezisita yosinthika ija ili ndi ntchito yaikulu. Funde likachepa madayodi satseguka, wailesi imangoti zii. Likachuluka amakhala otseguka nthawi yaitali, mawu amatsikanso ndipo phokoso limakwera. Pali malo amodzi pakati pomwe mawu amamveka bwino koposa, ndipo mumawapeza ndi khutu. Mukafika kumapeto mawu akadali kukwera, ndiye kuti funde silikukwana. Sinthani madayodi muike a germanium, monga 1N60, aja agalasi opezeka m'mawailesi akale a AM, amene amatseguka ndi moto wochepa.

Sefa ya eriyo ndi paipi ina ya 20 mm, waya wozunguliza ka 14, pafupifupi 5 µH, ndi kapasita ya 82 pF pamodzi ndi trimmer ya 30 pF. Kumunsi kwa koyilo, mbali ya ku chitini, zungulizani waya wina ka 3 wa eriyo, ndi winanso ka 4 wopita ku madayodi. Uliwonse mbali yake imodzi ipite pa chitini. Koyilo imeneyi italikirane ndi ya oscillator, ndipo ina igone ina iime, kuti zisamapatsirane mafunde. Amene ali ndi mawailesi a FM ambiri angagwiritse tizitini ta 10.7 MHz tija tili ndi sikuluwu pamwamba, n'kuwonjezera kapasita kuti titsike kufika pa 7 MHz. Yambani ndi 68 pF. Tachikasu, toyera ndi takuda nthawi zambiri ndi ta 455 kHz, sitithandiza pano.

Amplifaya tingoidutsa mwachangu poti amisiri amaidziwa. Tiranzisita yachitatu ilandire mawu pa base kudzera pa 1 µF, emitter pa chitini, 4.7k pa collector, ndi 470k kuchokera ku collector kubwerera ku base. Kuchokera ku collector, 1 µF ina ipite ku voliyumu ya 10k, ndipo voliyumu ipite ku mwendo 3 wa LM386, kachipangizo kokweza mawu. Miyendo 2 ndi 4 pa chitini, 6 ku pozitivu ya ku batire, 5 ku mahedifoni kudzera pa 220 µF, 10 µF pa mwendo 7 kupita pa chitini. LM386 payokha imakweza mawu ka 20. Mukaika 10 µF pakati pa miyendo 1 ndi 8 imakweza ka 200. Pa mwendo 5 musaiwale rezisita ya 10 ohm yotsatana ndi 47 nF kupita pa chitini. LM386 ikasowa, TDA2822 ya m'masipika akale a kompyuta imalowa m'malo, kungoti miyendo yake ndi ina.

Mukamva wailesi ikuti phu-phu-phu ngati chigayo cha dizilo, si kuti china chapsa. Ndi LM386 imene ikukoka moto, pozitivu n'kugwedezeka, tiranzisita ya mawu ija n'kumva kugwedezekako n'kukukwezanso. Mankhwala ake ndi 470 µF pafupi penipeni ndi mwendo 6, ndiponso kupatsa tiranzisitayo moto kudzera pa rezisita ya 100 ohm kapena kuposerapo, yokhala ndi 470 µF yakeyake. Kabatire kamakona ka mavoti 9 kamabweretsa vutoli msanga kakayamba kufooka. Mabatire 6 a tochi ndi abwino. Batire la njinga yamoto ndi labwinonso, koma likadzaza limapitirira mavoti 12 amene LM386 wamba imafuna, choncho ikani madayodi awiri a 1N4007 motsatana pa waya wa pozitivu. Amatsitsa moto pang'ono, komanso amateteza wailesi tsiku limene wina adzatembenuze mawaya.

Poyesa, yambirani kumapeto kubwerera kumayambiriro. Gwirani mwendo 3 wa LM386 ndi chala, mumve kulira kwa mmm m'mahedifoni. Gwirani base ya tiranzisita ya mawu, kulirako kukule kwambiri. Kenako yatsani wailesi wamba ya SW pafupi, musake cha pa 7.1 MHz: oscillator ikamagwira ntchito mupeza malo amene phokoso likuti zii, ndipo malowo amasuntha mukapotokola kapasita yosakira. Potsiriza lumikizani eriyo madzulo ndi kupotokola trimmer ya sefa mpaka phokoso la mlengalenga likwere. Apa pali muyeso umene tikufuna aliyense augwire. Ngati phokoso likukwera mukalumikiza eriyo n'kutsika mukaichotsa, wailesi yanu ili ndi mphamvu zokwanira. Kuwonjezera tiranzisita ina kutsogolo sikudzakupatsani siteshoni ngakhale imodzi yatsopano, kudzangokweza phokoso ndi kuitana mavuto. Ambiri amathamangira komweko, ndipo ndi njira yolakwika.

Eriyo ndiyo yoyenera kuiwonongera ndalama ngati zilipo. Mawaya awiri a mamita 10 uliwonse, olumikizidwa pakati ku kebulo ya dishi, wina ku waya wa m'kati wina ku ukonde wakunja, ndiwo muyeso wa 40 mita. Kebulo ya dishi ndi ya 75 ohm ndipo imagwirizana bwino ndi eriyo yotere. Ukonde wake nthawi zambiri ndi wa aluminiyamu, sugwira mtovu, ndiye muumange ndi sikuluwu n'kumata bwino kuti madzi asalowe. Mtengo umodzi wa bulugama wa mamita 7 kapena 8, wonga womangira chigafa, ukwanira: pakati pa eriyo pakhale pamwamba, mbali ziwirizo zitsike motsetsereka n'kumangidwa ndi chingwe kudzera pa tizidutswa ta paipi ya PVC, pamwamba poti ng'ombe ndi ana sangafike. Kebulo ikasowa, waya umodzi wa mamita 15 mpaka 20 umagwira ntchito, koma umafuna waya wa m'nthaka. Dothi lamchenga la madera ambiri a kuno likauma mu Seputembala ndi Okutobala, chitsulo chokhomera pansi sichithandiza kwenikweni. Chikhomeni mita imodzi ndi theka pamalo a chinyezi, monga kumene kumathera madzi a ku bafa, kapena yalani waya wa mamita 10 pansi n'kuulumikiza ku chitini. Eriyo isadutse pamwamba kapena pansi pa mawaya a magetsi, ndipo isamangidwe pa pholo la magetsi ngakhale litayandikira chotani. Kuyambira Novembala mpaka Epulo, mukatha kumvera chotsani eriyo ku wailesi, muitulutse kunja kwa nyumba n'kuilumikiza ku chitsulo cha m'nthaka. Kukayamba kugunda musamvere n'komwe. Mphenzi za m'chigwa chino tonse tikuzidziwa.

Usiku woyamba mudzakumana ndi mlendo wosaitanidwa: nyimbo kapena nkhani za chinenero chachilendo zomveka paliponse, kaya mupotokole chotani. Amenewo ndi mawailesi akuluakulu a mayiko amene amaulutsa kuyambira 7.200 MHz kupita kumtunda, ena ndi mphamvu ya makilowati 250 kapena 500, pamene munthu amene mukumufunayo mwina ali ndi mawati 100. Funde lawo limafika lamphamvu mwakuti madayodi amalisandutsa mawu okha popanda oscillator. Chinthu choyamba, chotchipa, ndi voliyumu ya 1k pakati pa eriyo ndi sefa. Mukaitsitsa pang'ono, wolowererayo amazimirira msanga kuposa siteshoni yanu, chifukwa mukachepetsa mafunde ndi theka iye amatsika kanayi pamene yanu yatsika kawiri. Kenako mumakweza voliyumu ya mawu. Chachiwiri ndi kupanga sefa ina yofanana ndi yoyamba n'kulumikiza mitu ya makoyilo awiriwo ndi kapasita ya 3.3 pF. Ikasowa, potani mawaya awiri okutidwa kutalika masentimita 5 osawalumikiza, imeneyo ndi kapasita kale. Eriyo ilowe pa koyilo yoyamba, madayodi atenge pa yachiwiri. Mukaona kuti trimmer ikupereka nsonga ziwiri m'malo mwa imodzi, ndiye kuti kapasita yolumikizayo yakula, ichepetseni.

Kulira kwa mmm kosatha kumachokera ku magetsi a m'nyumba, amene kuno ndi a 50 Hz. Wailesi yamtunduwu siyanjana ndi adaputa kapena tchaja, ipatseni batire. Pa nyumba ya sola, zimitsani iniveta pomvera, ndipo musamvere batire lili pa tchaji chifukwa kabokosi kowongolera sola nakonso kamalira. Kuti mudziwe chimene chikusokoneza, zimitsani zinthu chimodzichimodzi mahedifoni ali kukhutu. Kawirikawiri wolakwa amakhala babu limodzi lotchipa. Ngati mukagogoda thabwa mukumva ngo-ngo m'mahedifoni, pali chinthu chimene chikugwedera, makamaka pa mixer kapena pa tiranzisita ya mawu. Fupikitsani miyendo n'kumata.

Mluzu wa sii wopweteka m'makutu umachepa mukadula mawu okwera. Mawu a munthu amamveka bwino pakati pa 300 ndi 3000 Hz, zapamwamba pake ndi phokoso ndi masiteshoni oyandikana nawo. Kapasita ya 10 nF kuchokera ku collector ya tiranzisita ya mawu kupita pa chitini, pamodzi ndi 4.7k ija, imayamba kudula cha pa 3400 Hz. Wofuna Morse aike 47 nF pa switchi, idule cha pa 700 Hz.

Tsopano kusaka. Kapasita yosakira imazungulira theka lokha, ndipo m'theka limenelo muli ma kHz oposa 200, pamene munthu mmodzi amatenga 3 okha. Ndiye kuti siteshoni yonse ili m'madigiri awiri kapena atatu, ndipo malo amene mawu amamveka bwino ndi ochepa kuposa pamenepo. Apa ndi pomwe gudumu ndi chingwe zija zimagwira ntchito: zibwezereni monga zinalili mu wailesi yakale, kuti chala chizungulire kangapo kapasita isanathe. Onjezaninso kosakira pang'onopang'ono. Dayodi ya 1N4007 ikalandira moto chobwerera imakhala ngati kapasita yaing'ono yosintha ndi mavoti. Mbali yake yopanda mzere ipite pa chitini, ya mzere ipite pamwamba pa koyilo ya oscillator kudzera pa 4.7 pF, ndipo mbali ya mzere yomweyo ilandire moto kudzera pa 100k kuchokera ku mwendo wapakati wa voliyumu ya 10k yolumikizidwa ku mavoti 5 aja. Pa 40 mita anthu amalankhula pa mbali ya kumunsi, LSB, choncho sakani kuchokera kumtunda kutsika: mawu amayamba oonda ndi okwera, n'kumatsika mpaka akhale a munthu. Mukachokera kumunsi mumva zobwebweta zokhazokha. Musadabwenso kumva wa Morse mmodzi kawiri, mbali ino ndi mbali inayo ya malo amene mluzu wake umazimirira. Ndi chibadwa cha wailesi yamtunduwu, imamva mbali zonse ziwiri, ndipo kuchotsa zimenezo kumafuna wailesi ya mapangidwe ena.

Amene wavutika ndi kusuntha mpaka kutopa ali ndi njira yachidule. M'matelefoni akale a pa tebulo ndi m'zipangizo zina mumapezeka crystal kapena resonator yolembedwa 3.58 kapena 3.579. Pa mixer yathuyi imeneyo imagwera pa 7.159 MHz, m'kati mwenimweni mwa olankhula pakamwa. Muiike m'malo mwa koyilo ndi makapasita ake, motsatana ndi gawo la AM la kapasita yosakira. Crystal imasuntha pang'ono chabe koma imakhazikika zedi. Resonator, ija ya pulasitiki yabuluu kapena yachikasu, imalola kuyenda ma kHz makumi angapo. Ya 4.43 ya m'ma TV ambiri a kuno sigwera m'gawo lathu.

Nthawi yomvera nayo ndi mbali ya luso. Masana mlengalenga mumameza mafunde a 40 mita, ndiye mumamva apafupi okha kapena osamva kanthu, ndipo ambiri amaganiza kuti wailesi yafa pamene ili bwinobwino. Kuyambira dzuwa likamapendeka mpaka usiku, komanso m'bandakucha, ndi pomwe akutali amafika. Miyezi ya Meyi mpaka Ogasiti ndiyo yabata. M'dzinja mphenzi za kutali zimangoti khwa-khwa usiku wonse. Aliyense wolankhula amatchula chizindikiro chake, ndipo zilembo zoyamba zimanena dziko: 7Q ndi Malawi, 9J Zambia, C9 Mozambique, Z2 Zimbabwe, 5H Tanzania, A2 Botswana, ZS South Africa. Ana alembe m'kope tsiku, nthawi, chizindikiro ndi mphamvu ya mawu, pokumbukira kuti anthu a wailesi amawerenga nthawi ya UTC, imene ili m'mbuyo mwa yathu ndi maola awiri. Kope limeneli ndilo limauza munthu ngati kusintha kumene wapanga kwathandiza, malinga azisintha chinthu chimodzi pa nthawi.

Malikhweru a pa 7.074 aja ndi FT8, njira imene Joe Taylor ndi Steve Franke anatulutsa mu 2017. Taylor ndi yemwe uja analandira mphotho ya Nobel ya Physics mu 1993. Malikhweruwa amayamba ndi kuleka pa masekondi 15 aliwonse, ndipo poti samasowa madzulo, ndi chizindikiro chabwino cholembera manambala pa gudumu lanu: mukawapeza, oscillator ili pa 3.537 MHz. Sukulu yokhala ndi kompyuta ingalowetse mawu a wailesiyi mu pulogalamu yaulere ya WSJT-X n'kuona zizindikiro za mayiko zikutsika pa sikirini. Pamafunika kuti wotchi ya kompyuta ikhale yolondola mpaka pa sekondi, ndiponso kuti oscillator ikhazikike kwambiri, pakuti siteshoni iliyonse ya FT8 imatenga 50 Hz yokha. Amenewa ndiwo mayeso enieni a ntchito ya manja anu.

Zonse tafotokozazi ndi za kumvera kokha. Kutumiza mawu pa mafunde amenewa kumafuna laisensi yochokera ku MACRA, ndipo mwana aliyense wogwira ntchitoyi auzidwe zimenezi poyamba pomwe, asadzasokoneze ena poyesa zinthu. Koma amene wamva ZS kapena 9J pa chipangizo chomanga yekha adzafunsa ndithu kuti ayankhe bwanji. Pempho lathu kwa a MACRA ndi lakuti afalitse m'Chichewa, m'nyuzipepala ngati ino, zimene munthu kapena kalabu ya sayansi ya pa sukulu iyenera kuchita kuti ipeze laisensi ndi chizindikiro cha 7Q, mtengo wake, ndi kumene mafomu ake amapezeka.

Ife,
Amisiri a zamagetsi,
Kasungu boma